Kapepala Kanga m'Lichero

Mpaka lero ndikaona lichero, kaya kumudzi ku Chadiza amayi akupeta mphale, kaya pa msika wa Kapata atathiramo nshawa zokazinga, maganizo amathawira ku Loweruka lina la mu Malichi 2023. M'lichero la tsiku limenelo munalibe mphale, munalibe nshawa. Munali timapepala 14 topindapinda, ndipo kamodzi kanali kanga. Nkhaniyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale, koma manyazi amandigwira dzanja. Ndi nkhani ya ndalama, ndipo ife tinaleredwa kuti za ndalama ndi za kuchipinda sizikambidwa pagulu.

Sunga khosi

Ndinalowa ntchito mu 2019 pa kampani ina yogula mbewu muno mu Chipata. Soya, mpendadzuwa, nshawa, nthawi zina chimanga. Ndinali kalaliki wa ku akaunti: kulandira malisiti ochokera ku madepoti a ku Katete, Sinda ndi Lundazi, kuwafananiza ndi matikiti a pa sikelo, kuona ngati ndalama zomwe zatuluka zikugwirizana ndi matumba omwe alowa. Usiku ndinkawerengera mayeso a ZICA, bungwe la maakauntanti a mu Zambia, mwana ali kumsana.

Mu Januwale 2022 akauntanti wathu anapeza ntchito ku Lusaka n'kupita. Bwana anandiitana. "Mwana wanga, tagwirizirani kaye mpandowu pamene tikufunafuna munthu." Ndinatuluka m'ofesimo mano onse ali panja. Kuyambira tsiku limenelo zonse zinagwera ine: PAYE (msonkho wa pa malipiro) ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, tsiku la 10 lisanadutse, NAPSA ya penshoni, NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo, malipiro a antchito onse, kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki, kutseka mabuku mwezi ukatha. Maodita atabwera kuchokera ku Lusaka anakhala ndi ine sabata yathunthu. Munthu wofunidwa uja sanapezeke, ndipo ndikamaganiza tsopano ndimaona kuti panalibe amene ankamufuna. Amufunirenji pamene ntchito ikuyenda?

Inatha miyezi 14. Kalata panalibe. Pa payslip panali K3,800 yomwe ija, ndi dzina la ukalaliki lomwe lija.

Musaganize kuti sindinkaona. Ndinkaona, ine ndi amene ndinkakonza malipiro a aliyense, ndipo fayilo ya akauntanti anachoka uja inali m'kabati kumbuyo kwanga. Koma ndikawadandaulira amayi pa foni, yankho linali limodzi: "Sunga khosi, mwana wanga, mkanda woyera udzavala." Ndipo ndinkawakhulupirira. Ndinkati bwana ali ndi maso, tsiku lina adzandiitana yekha.

Pamene ndinkakwatiwa, alangizi anakhala nane masiku atatu. Anandiuza za apongozi, za ndiwo za alendo, za mmene mkazi amayankhira, ndi zina zomwe sindingalembe pano. Pa kitchen party amayi oposa 100 anabwera kudzandiona ndikugwada. Koma tsiku lomwe ndinayamba ntchito, kumene ndimakhala maola ambiri kuposa m'nyumba mwanga, panalibe ndi mmodzi yemwe wondikhazika pansi. Ndiye ndinangotenga malangizo a m'banja aja n'kupita nawo ku ofesi: pirira, usayankhe, za m'nyumba zisatuluke panja.

Gulu la pa foni

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku St Monica's ndiye anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la amayi a m'maofesi a kuno kummawa. Munali a ku akaunti, a m'mabanki, ogula katundu wa makampani, oyang'anira antchito, ena a ku Petauke, ena a ku Lundazi ndi ku Mfuwe. Analiyambitsa chifukwa misonkhano ikuluikulu ya ntchito zathuzi imachitikira ku Lusaka kapena ku Livingstone, ndipo aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake: makilomita oposa 550 pa Great East Road, tsiku lathunthu m'basi kupita, lina kubwera, malo ogona, ndi mwana woti umusiyire munthu. Kalaliki wa K3,800 sapita kumeneko.

Kwa miyezi yambiri sindinalembemo kanthu. Ndinkangoika kachala koloza m'mwamba pa uthenga wa anzanga n'kubisala.

Pa 8 Malichi 2023, tsiku la amayi padziko lonse, linali Lachitatu. Tinaguba monga mwa nthawi zonse, kampani itatigulira chitenge chofanana, dzuwa likutiotcha, akuluakulu akulankhula. Anatchula mayina omwe timawatchula chaka chilichonse: mayi Inonge Wina amene anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2015, malemu Irene Mambilima amene anatsogolera makhoti, mayi Mutale Nalumango, mayi Nelly Mutti amene mu 2021 anakhala mkazi woyamba kukhala Sipikala. Ndimawalemekeza onsewa ndipo ndinaomba m'manja ndi mtima wonse. Kungoti palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene angakuuze zoti ukanene Lachinayi m'mawa ukalowa m'ofesi ya bwana wako. Tinavula zitenge, tinabwerera ku madesiki athu, malipiro ali pomwepo.

Usiku womwewo m'gulu munabwera uthenga: Loweruka tikumane ku Kalongwezi, 14 koloko, aliyense abwere ndi bolopeni.

Lichero

Mwini nyumba anali mayi wa zaka za m'ma 60, wamfupi, wovala magalasi a chingwe. Anagwirapo ku banki zaka zambiri, kenako ku bungwe lina la zaulimi, ndipo pa nthawiyo ankangothandiza makampani ang'onoang'ono kukonza mabuku. Dzina sinditchula, sangakondwe. M'nkhani ino ndiziwatchula kuti Amayi, monga ndimawaitanira.

Tinakhala pakhonde, ena pa mipando, ena pa mphasa. Titapemphera ndinkayembekezera zija za masiku onse, zoti mkazi angathe chilichonse. Koma Amayi anati, "Kulimbikitsana tinalimbikitsana Lachitatu, zakwana. Lero tiwerengetsera." Anang'amba mapepala a m'kope n'kutigawira. Aliyense alembe zinthu zitatu, osalemba dzina. Choyamba, ntchito yomwe manja ake amagwiradi tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, dzina la udindo lomwe lili pa kalata yake. Chachitatu, ndalama yomwe ili pa payslip.

Kunangoti zii. Kenako mayi wina wa ku banki anati, "Amayi, zimenezo ngakhale amuna anga sadziwa." Tinaseka tonse, kuseka kwa anthu omwe agwidwa. Amayi sanaseke. Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi lichero, n'kuliika pakati pathu.

"Mabwana anu amakumana, amamwera limodzi, amauzana kuti akauntanti pa Chipata pano amalipidwa zingati. Amene sadziwa mtengo wake ndi inu nokha. Kodi mlimi angapite ku depoti osafunsa anzake kuti soya ali pa zingati?"

Apo ndi pomwe anandigwira. Ine amene ndinkaona alimi akutembenuza ngolo kupita kwa wogula wina chifukwa cha kusiyana kwa 50 ngwee pa kilo.

Ndinalemba dzanja likunjenjemera. Ndinapinda kanayi n'kuponya. Amayi anapeta timapepalato ngati akupeta mpunga, n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi, mawu ali phee, osathirapo ndemanga. Wina amasunga ndalama zapadesiki pa sukulu, malipiro akuti. Wina amayang'anira nthambi, malipiro akuti. Ena tinkachita kupumira m'mwamba, ena tinkagwedeza mutu. Panali kena komwe mwini wake analemba ntchito zofanana ndendende ndi zanga, PAYE, NAPSA, kutseka mabuku, maodita. Udindo: akauntanti. Ndalama yake inali yanga kuiwirikiza katatu.

Kanga kanatuluka kachisanu ndi chinayi. Amayi anawerenga ntchito zonse zija, mndandanda wautali. Anafika pa udindo: kalaliki. Anafika pa ndalama. Anaima, anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenge, anawavalanso, n'kuwerenganso kachiwiri kuyambira pamwamba. Palibe kapepala kena komwe anakawerenga kawiri.

"Mwini kapepala aka ndi munthu wabwino kwambiri," anatero. "Ubwino wakewo ndi umene ukumudya."

Basi. Anatenga kena.

Sindikumbuka zomwe zinali pa timapepala totsalato. M'makutu munkangolira. Chomwe chinandipweteka sichinali kuchepa kwa ndalamayo, imeneyo ndinkaidziwa kale. Chinali kuimva ikutchulidwa ndi pakamwa pa munthu wina, pamaso pa anthu, itayalidwa pambali pa ntchito zake. Zinthu ziwirizi m'mutu mwanga ndinkazisunga m'zipinda zosiyana. Ntchito inali kunyada kwanga, malipiro anali chinsinsi changa. Zitakumana pa kapepala kamodzi, zinaoneka mmene zinalili.

Tikutsuka makapu kuseri, Amayi anabwera n'kuima pambali panga. "Inu mutsale pang'ono." Anzanga atapita ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anati, "Onse anayang'ana lichero. Inu nokha munayang'ana zala za kumapazi."

Phungu

Amene munavinidwa mukudziwa kusiyana kwa namkungwi ndi phungu. Namkungwi amalangiza anamwali onse pamodzi. Phungu ndi wako wekha, amakhala pambali pako, amakunong'oneza pomwe waiwala, ndipo ukalakwitsa manyazi amagwira iye. Gulu lathu limachita chimodzimodzi: wamkulu mmodzi, wamng'ono mmodzi, kukumana Loweruka loyamba la mwezi kwa chaka chathunthu. Ena amatchula dzina la Chingerezi, ine ndimati phungu, ndipo Amayi atamva anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku loyamba anandiuza zomwe sadzachita. Sadzaimbira foni bwana wanga. Sadzandipezera ntchito. Sadzandibwereka ndalama, "imeneyo ndi nkhani ya ku chilimba." Kunena zoona ndinakhumudwa. M'mtima ndinkayembekezera kuti mayi wodziwika chonchi angoimba foni imodzi zonse n'kutheka.

M'malo mwake anandituma kukagula buku la hadikava. Lachisanu lililonse ndisanatseke kompyuta ndizilemba zomwe ndagwira sabata imeneyo, ndi madeti ake ndi ndalama zake. Osati "ndinathandiza pa odit", iyayi. Ndilembe kuti ndinakonza mafayilo angati, maodita anafunsa chiyani, ndinayankha chiyani. Ndibwererenso m'mbuyo mpaka Januwale 2022, ndifufuze m'maimelo ndi m'malisiti a ku ZRA. Zinanditengera masabata atatu. Nditamaliza ndinawerenga bukulo ngati ndikuwerenga za munthu wina, ndipo munthu ameneyo ndikanakhala bwana sindikanalola kuti achoke.

Anandipatsanso Employment Code Act ya 2019, lamulo la za ntchito, atasindikiza okha, mapepala ena atawapinda ngodya. Ine amene ndinkakonza malipiro a anthu oposa 40 ndinali ndisanaiwerengepo. Ndi mmene ndinaonera ndi maso anga kuti ntchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo iyenera kukhala ndi kontrakiti yolembedwa, kuti ntchito zolemera mofanana ziyenera kulipidwa mofanana, kuti tchuthi cha uchembere ndi masabata 14, ndiponso kuti woyamwitsa ali ndi ola limodzi tsiku lililonse, kapena mphindi 30 kawiri, kwa miyezi 6 chibadwire mwana. Ngakhale Mother's Day, tsiku limodzi pamwezi lomwe mkazi aliyense wapantchito amaloledwa kupuma popanda kalata ya dokotala, ine ndinali ndisanatengepo ndi kamodzi komwe. Ndinkaopa kuti azinena kuti mwaona, n'chifukwa chake mpandowu umafuna mwamuna.

Mu Epulo chaka chomwecho nkhani inali ya NAPSA, boma litalola kuti amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45 atengeko 20 peresenti ya ndalama zake. Tauni yonse inali pa mzere. Ine miyezi inali isanakwane, koma Amayi anati ndikatengebe sitetimenti yanga. Tinaiyala patebulo. Anandilozera ndi chala mzere ndi mzere: 5 peresenti yanga, 5 peresenti ya kampani, zonse zowerengedwa pa malipiro a kalaliki. "Mukuganiza kuti mukungoluza za mwezi uno. Onani apa. Ndi nkhalamba ya mawa imene mukuibera." Anawonjezanso kuti ku ZICA kukhoza mayeso pakokha sikukwanira, pamafunika umboni wa ntchito yomwe wagwira, wosainidwa. Pa pepala ine miyezi yonse ija ndinali ndikufananiza malisiti basi.

Mwaba chiyani?

Gawo lomwe ndinadana nalo kwambiri ndi la sewero. Amayi ankakhala kuseri kwa tebulo lodyera, n'kukhala bwana. Ine ndizigogoda pa chitseko cha m'khitchini n'kulowa.

"Pepani bwana, ndakusokonezani..."

"Tulukani. Yambaninso."

"Pepani bwana, ndimati mwina ngati n'kotheka..."

"Mwaba chiyani kuti muzipepesa? Tulukani."

Kasanu konse. Ulendo wachisanu ndinalira, misozi yeniyeni, mayi wa mwana mmodzi ndili chiimire m'khitchini ya eni ake. Anandisiya ndilire, anandipatsa madzi, n'kunena kuti tiyambenso.

Chomwe ndinawakondera n'chakuti sanandiuze kuti nditaye ulemu. Ndamvapo ena obwera kuchokera kutali akutiphunzitsa kuti uzimuyang'ana bwana m'maso ngati mukulimbana, uzilankhula mokweza. Pa Chipata pano ukatero nkhani yako yafera pakhomo, zomwe adzakumbukire ndi mwano wako basi. Amayi anati: pereka moni monga unaleredwera, funsa za kunyumba, dikira akuuze kuti khala. Ukakhala, ika pepala patebulo, nena ziganizo zitatu, tchula ndalama yake, kenako tseka pakamwa. Kutseka pakamwako ndiye kunali kovuta. Pakangoti zii ine ndinkathamangira kudzitsitsa ndekha: "komabe ngati n'zovuta palibe kanthu." Amayi ankamenya tebulo.

Anasankhanso nthawi. Osati mu Juni msika wa mbewu utatentha, bwana akugona ku madepoti. Osati mu Novembala ntchito itatha, pomwe angathe kukhala miyezi iwiri opanda akauntanti. Koma kumayambiriro kwa Meyi, akukonzekera kutumiza ndalama ku madepoti, pomwe kungoganiza zoti ndingachoke kungawasowetse tulo. Zimenezi sizili m'buku lililonse la ZICA.

Tsiku lake

Zinatenga mphindi zosakwana 15. Ndinapereka moni, ndinafunsa za kunyumba, ndinakhala. Ndinaika tsamba limodzi lomwe ndinatsitsa kuchokera m'buku lija. Ndinati ndagwirizira mpando wa akauntanti kuyambira Januwale 2022, ndikupempha kalata ya udindowo, ndi malipiro a K10,000. Kenako ndinaluma lilime.

Bwana anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso. "Ndani wakuphunzitsani zimenezi?" Sindinayankhe. "Ine ndimakuonani ngati mwana wanga." Ndinati, "Zikomo bwana, inenso ndimakulemekezani ngati kholo. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu ndisanayang'ane kwina." Chiganizo chimenecho sitinachikonzekere, chinangotuluka, ndipo miyendo pansi pa tebulo inkagundana.

Kalata inabwera patatha masabata 6. Udindo: wothandizira akauntanti, ngakhale panalibe akauntanti woti ndizimuthandiza. Malipiro: K6,500. Za miyezi yonse ya m'mbuyo ija, panalibe ndi liwu limodzi lomwe.

Walira mvula walira matope. Mayi wina wa m'ofesi yathu, amene tinkadyera limodzi nsima masana, anasiya kundiyankha moni kwa miyezi iwiri. Kunamveka zoti ndayamba matama, ena n'kumanong'onezana kuti kalatayo ndinaipeza m'njira ina, mukudziwa zomwe amanena mkazi akakwera. Amuna anga anakondwa ndi ndalamayo koma masabata onse oyembekezera yankho sankagona, ankati nanga akakuchotsa tidya chiyani. Amayi ondibereka anangoti, "Wachita mwayi, usadzabwerezenso."

Pomwe sitinagwirizane

Ndinapita ku Kalongwezi nditakwiya chifukwa cha ndalama za m'mbuyo zija. Ndinkafuna kulemba kalata ina. Amayi anati, "Zimenezo zapita. Tengani kalatayi, muisunge pabwino, tiyang'ane kutsogolo." Ndinawamvera, koma mpaka lero ndimaona kuti pamenepo analakwitsa. Amayi a msinkhu wawo analowa m'maofesi nthawi yomwe kungopatsidwa desiki kunali kupambana, ndiye anazolowera kutaya zina kuti apulumutse zina. Mwina n'chifukwa chake anafika pomwe anafika. Koma thukuta la miyezi yoposa 16 si kanthu kongoti zapita.

Ndiponso si kuti anali mngelo. Nthawi yokolola ankasowa miyezi iwiri ali ku munda kwawo, foni osayankha. Tsiku lina anandiuza kuti ndisaganize za mwana wachiwiri mpaka nditamaliza mayeso onse. Ndinawayankha kuti nkhani imeneyo ndi ya ine ndi amuna anga, ndipo masabata 14 aja anandionetsa okha m'malamulo. Nditangotero ndinachita mantha, ndinati basi ubale watha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali.

"Iwe," anatero, "wayamba kuyankha."

Kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Miyezi yonse ija ndinali inu, mlendo wolemekezeka. Ndinabwerera kunyumba pa kabaza ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Chilala

Za 2024 simufuna kuti ndikukumbutseni. Mvula inadula, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo kumapeto kwa Febuluwale mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola osawerengeka. Kampani yogula mbewu chaka chopanda mbewu ndi chigayo chopanda chimanga. Madepoti ena sanatsegulidwe n'komwe. Mu Ogasiti anatichotsa anthu angapo, ine ndili momwemo. Mabuku anawapereka kwa kampani ina yowerengera ndalama kuti izibwera kamodzi pamwezi.

Kodi anandisankha chifukwa cha tsiku lija la mu Meyi? Ndadzifunsa kambirimbiri. Anachotsedwanso ena omwe sanatsegulepo pakamwa, kuphatikizapo mayi uja anasiya kundiyankha moni. Ndiye nkhani imeneyo ndinaisiya.

Koma onani kalata ija. Lamulo limati wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa alandire malipiro osachepera a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chomwe wagwira. Zaka 5, miyezi 10. Akanawerengera pa K3,800 ndikanatuluka ndi K38,000. Anawerengera pa K6,500. Kusiyana kwake ndi K27,000, ndipo ndi imene inatidyetsa ndi kulipira lendi chaka chomwe thumba la ufa linkachita kuopsa. Ndinawerengetsa ndekha ndalama imeneyo, inali ntchito yanga yomaliza pa desiki ija.

Ndinakhala pakhomo miyezi itatu. Tsiku lina ndinalandira foni kuchokera kwa mayi wa m'gulu lathu amene sitinkachezerana kwenikweni. Anati ku bungwe lomwe amagwira, lothandiza makopaletivu a alimi, akufuna munthu wa mabuku, ndipo bwana wawo atafunsa ngati akudziwa wina, iye anatchula ine. Ndinamufunsa kuti ntchito yanga amaidziwa bwanji. Anaseka. "Asisi, kapepala kanu kanawerengedwa kawiri. Ndani angaiwale?" Kenako anandiuza kuti kapepala kaja ka ntchito zofanana ndi zanga, ka malipiro owirikiza katatu, kanali kake. Tsiku lonse lija iyenso anapita kwawo mtima uli wolemera.

Intavyu ndinachita ngati wina aliyense, tinalipo 6. Ndinanyamula buku la hadikava lija, lomwe pa nthawiyo linali litatsala masamba ochepa. Atandifunsa ngati ndinakumanapo ndi maodita, sindinalongosole zambiri, ndinatsegula tsamba lake n'kuwapatsa. Anapatsirana onse atatu. Amayi anasunga mawu awo, sanandipezere ntchito. Koma ndinamva pambuyo pake kuti atawaimbira foni kufunsa za ine, anawasunga pa foni mphindi 20. Nditawathokoza anati, "Ndinangonena zomwe ndinaona m'buku."

Wanga

Chaka chino gulu landipatsa wanga. Ndi mtsikana wa ku Katete, wa zaka 24, amagwira pa sitolo ina ya zipangizo zomangira m'tauni muno. Amalemba mabuku, amawerenga katundu, amasunga kiyi wa kabati ya ndalama, ndipo za Airtel Money ndi MoMo za sitoloyo zimadutsa m'manja mwake. Amafika 7 koloko, amaweruka 18 koloko, Loweruka lomwe mpaka masana.

Tsiku loyamba ndinamuuza zinthu zitatu zomwe sindidzachita, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa monga inagwera yanga. Nditamufunsa za kontrakiti anati, "Bwana wanga ndi munthu wabwino, amatipatsa ndi ya chakudya." Nditamufunsa kuti amalandira zingati anayang'ana zala za kumapazi. Sindinamukakamize. Tinayenda limodzi mpaka ku sitolo ya mabuku, ndinamugulira hadikava ya chikuto chakuda.

Loweruka lapitali anabwera nalo. Masamba 7 odzaza, zilembo zokongola zopendekera kumanja, deti lililonse ndi ndalama zake mpaka ngwee. Mwezi watha yekha anagwira kusiyana kwa matumba 30 a simenti pakati pa invoisi ndi zomwe lole inatsitsa, ndipo analemba zimenezo pakati pa mizere ina ngati si kanthu. Ndinamuuza kuti adule mzere wofiira pansi pake.

Tikutsanzikana pa geti anandigwira dzanja n'kundifumbatitsa kapepala kopinda kanayi. "Asisi, muwerenge ine nditapita." Anakwera kabaza osacheuka. Ndinadikira mpaka atakhota pa ngodya, ndipo nditatsegula ndinawerenga kawiri.

Ndamutumizira uthenga kuti mwezi wamawa abwere ndi bukulo, abwerenso atadya, chifukwa tsiku limenelo tebulo lodyera ndidzalikokera pakati pa chipinda ndipo ine ndidzakhala bwana.